Mabwalo Awiri pa Msewu wa Mokolodi

Msewu waukulu wa A1 ukatuluka mumzinda wa Gaborone kulowera kumwera, umalambalala phiri la Kgale n'kufika pa Mokolodi, pomwe pali nkhalango yosungiramo nyama yomwe inatsegulidwa mu 1994. Alendo ambiri ulendo wawo umathera pomwepa. Amajambula zipembere, mbidzi ndi akadyansonga, amadya nkhomaliro, n'kubwerera kuhotelo dzuwa lisanalowe.

Ochepa ndiwo amadziwa kuti pa geti la Mokolodi ayima pakati pa mabwalo awiri osenza mbiri ya dziko la Botswana. Kumpoto, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15, kuli Main Mall, bwalo lalitali loyendamo anthu apansi okhaokha, lomwe limakathera pa nyumba ya malamulo. Kumwera, munthu akakhota pa Boatle, amafika ku Ramotswa, likulu la anthu a mtundu wa Balete, komwe kuli bwalo la mfumu lomwe eni ake amalitcha kgotla. Loyambalo linajambulidwa papepala ndi akatswiri a zomangamanga m'zaka za m'ma 1960. Linalo ndi la makolo, lakhalapo kuyambira pamene Balete anakhazikika pamalopo cha m'ma 1875.

Mchewa safunika kumuuza zambiri za kgotla. Ndi bwalo, monga lija la pansi pa mkuyu kapena kachere pomwe nyakwawa ndi nduna zake amazengera mlandu wa malire a munda. Kusiyana kwake ndi kukula ndi kamangidwe. Atswana amazika mitengo yokhuthala mothinana, n'kupanga mpanda wokhota ngati mwezi wongotuluka kumene, ndipo mpando wa mfumu umakhala chapakati pa mpandawo. Pambali pake pamakhala khola la ng'ombe, lomwe mafumu ena akale anaikidwa m'manda momwemo. Nyumba ya mfumu imakhala pafupi, koma siiposa bwalo. Kale inali nyumba ya dothi ndi udzu, yokulirapo pang'ono kuposa za anthu ena. Malo amene ankasesedwa mosamala, amene moto wake unkasonkhedwa m'mamawa, amene mlendo ankayamba wafikapo asanapite kwa womuchereza, anali bwalo.

Atswana sankakhala m'timidzi tomwazikana. Ankamanga midzi ikuluikulu ya anthu masauzande ambiri, moti Azungu amene anafika ku Dithakong mu 1801 anadabwa kupeza mudzi womwe anauyerekeza ndi Cape Town ya nthawiyo. Banja linkakhala ndi malo atatu: nyumba ya m'mudzi waukulu, minda yomwe amaitcha masimo, ndi kobusira ng'ombe kutali kutchire komwe amati moraka. Anthu obalalika chotere akanatha kuiwalana. Chowakokera pamodzi chinali bwalo. Fuko lililonse m'mudzimo linali ndi kabwalo kake ndi mkulu wake, ndipo nkhani yokanika pamenepo inkakwera mpaka kufika pa bwalo lalikulu la kgosi, dzina lomwe Angoni a ku Ntcheu ndi Mzimba angalimve msanga chifukwa ndi lachibale ndi inkosi.

Mwambo wa pabwalopo ndiwo wopatsa chidwi. Mfumu imatula nkhani, kenako n'kukhala chete. Anthu amayimirira mmodzimmodzi, ndipo woyankhula samudula mawu ngakhale akunena zowawa. Mfumu imayankhula pomalizira, itamva komwe mphepo yalowera. Atswana ali ndi mwambi woti mafoko a kgotla a mantle otlhe, kutanthauza kuti mawu onse a pabwalo ndi okoma, ndi winanso woti kgosi ke kgosi ka batho, mfumu ndi mfumu chifukwa cha anthu. Akagwirizana amafuula kuti "Pula!", kunena mvula, mawu amene m'dziko louma ngati ili ndiwo dalitso loposa onse, ndiponso ndilo dzina la ndalama yawo.

Miyambi yokha siitsimikiza kanthu, paja mtundu uliwonse uli ndi miyambi yokoma. Chimene chinayesa bwalo la Atswana ndi zimene zinachitika ku Serowe, likulu la Bangwato.

Mu Seputembala 1948, Seretse Khama, wolowa ufumu wa Bangwato yemwe ankaphunzira zamalamulo ku London, anakwatira mkazi wachizungu, Ruth Williams. Bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, amene ankamugwirizira mpando kuyambira ali mwana, anakana kwamtuwagalu. Nkhaniyo inapita pabwalo. Pa msonkhano woyamba, mu Novembala chaka chomwecho, anthu ambiri anali kumbali ya Tshekedi. Pa wachiwiri anayamba kugawikana. Pa wachitatu, mu Juni 1949, amuna masauzande anakhala pa fumbi masiku angapo akumvetsera mbali zonse, ndipo pamapeto pake otsutsa ukwatiwo ataitanidwa kuti ayimirire, anayimirira owerengeka chabe. Ovomereza ataitanidwa, bwalo lonse linadzambatuka likufuula mvula. Tshekedi, munthu amene analamula Bangwato zaka zoposa 20, anavomereza kugonja n'kusamuka ndi omutsatira kupita ku Rametsana.

Boma la Britain, lomwe linkalamula dzikolo nthawiyo, ndilo linakana kumva. Ku South Africa chipani cha tsankho chinali chitangolowa m'boma, ndipo mu 1949 chinaletsa ukwati wa Azungu ndi anthu akuda. Poopa kukhumudwitsa boma la South Africa, Angerezi anaitanira Seretse ku London mu 1950 n'kumuletsa kubwerera kwawo. Bangwato anakana kulonga mfumu ina. Bwanamkubwa wa m'derali atatseka bwalo la ku Serowe mu 1952, kunabuka chipolowe ndipo apolisi atatu anaphedwa. Kutseka bwalo kunali kutseka pakamwa pa mtundu wonse, ndipo anthu anakumva chotero. Seretse analoledwa kubwerera mu 1956 atavomera kusiya ufumu. Patapita zaka 10 anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Botswana.

Dziko limene anatsogoleralo linalibe likulu. Kwa zaka zambiri Angerezi ankalamula dzikoli, lomwe linkatchedwa Bechuanaland, ali ku Mafeking, tauni ya mu South Africa, kunja kwa malire a dziko lomwe ankalilamulalo. Ufulu utayandikira, panafunika kumanga mzinda mwamsanga. Lobatse ndi Francistown anaganiziridwa koma anasiyidwa. Anasankha malo a pafupi ndi kampanda kakale ka atsamunda kotchedwa Gaberones, dzina lochokera kwa Kgosi Gaborone wa Batlokwa a ku Tlokweng, tsidya lina la mtsinje wa Notwane. Malowo anali pafupi ndi njanji, panali potsekera damu, ndiponso anali m'manja mwa boma, kotero kuti palibe mtundu umene ukanati likulu lamangidwa pakhomo pa anzathu. Ntchito inayamba mu 1964, boma linasamukirako mu 1965, ndipo mbendera yatsopano inakwera pa 30 Seputembala 1966, m'dziko limene misewu yake yatala inali makilomita 12 okha. Dzina linakonzedwa kukhala Gaborone mu 1969.

Omanga mzindawo anayembekezera anthu 20,000. Pakati pake anasiya bwalo lotalika kuchokera kuvuma kupita kuzambwe, pakati pa Queens Road ndi Botswana Road, masitolo, mabanki ndi President Hotel zili m'mbali. Kumapeto a kuvuma anaika maofesi a khonsolo ya mzinda. Kumapeto a kuzambwe, kudutsa msewu wa Khama Crescent, anaika nyumba ya malamulo, nyumba yachifatse yokhala ndi khonde la zipilala zoyera ndi denga lopindikapindika. Patsogolo pake pali chiboliboli cha Seretse Khama chomwe chinaimikidwa mu 1986. Munthu wogula nyuzipepala pa Mall amatha kuyenda mphindi zochepa chabe n'kufika pamene aphungu ake amakumana. Kwa amene anazolowera Lilongwe, komwe Capital Hill ili pamtunda payokha kutali ndi msika ndi depoti ya mabasi, kuyandikana kumeneku n'kosiririka.

Vuto loti nyumba ya olamula iyang'ane kuti ndi lakale, ndipo mzinda umodzi wa ku Italy unaliyankha bwino kwambiri zaka 700 zapitazo. Siena, m'chigawo cha Tuscany, unalibe mfumu. Kuyambira 1287 mpaka 1355 unkalamulidwa ndi khonsolo ya amuna 9 ochokera m'mabanja a amalonda, omwe ankakhala pampando miyezi iwiri yokha, akugona ndi kudyera m'nyumba ya boma momwemo, kenako n'kupatsa ena. Nyumbayo, Palazzo Pubblico, anayamba kuimanga mu 1297, ndipo anaimanga kumunsi kwa bwalo lotsetsereka la Piazza del Campo. Bwalolo lili ngati chigoba cha nkhono chotseguka, loyalidwa njerwa zofiira zogawidwa m'zigawo 9, ndipo mizere yake yonse imatsikira pakhomo pa nyumba ya boma. Woyima pabwalo sayang'ana olamula chokweza khosi. Nsanja yake yokha, Torre del Mangia, ya mamita pafupifupi 90, ndiyo imaonekera kutali.

Anthu a ku Siena anachita zinthu ziwiri zoyenera kuzikumbukira. Mu 1309 analamula kuti malamulo a mzinda amasuliridwe kuchoka m'Chilatini kupita m'chinenero cha pamsika, alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo bukulo liikidwe poyera kuti osauka ndi osaphunzira Chilatini athe kuliwerenga. Kenako, mu 1338 ndi 1339, Ambrogio Lorenzetti anajambula m'makoma a chipinda chomwe amuna 9 aja ankakumaniramo. Khoma lina likuonetsa mzinda wolamulidwa bwino: amisiri ali padenga, wosoka nsapato ali pa ntchito, alimi akulowa pachipata ndi katundu pa abulu. Khoma lina likuonetsa ulamuliro wankhanza, nyumba zikugwa, minda ikupsa, chilungamo chitamangidwa zingwe. Olamula ankagamula nkhani zithunzizo zikuwayang'ana. Mliri wa 1348 unapulula anthu ambiri a mumzindawo, ndipo ulamuliro wa amuna 9 unagwa patangopita zaka 7, koma bwalo lidakalipo. Pa 2 Julaye ndi pa 16 Ogasiti chaka chilichonse amathirapo dothi, akavalo 10 n'kulizungulira katatu pa mpikisano wa Palio.

Palibe chosonyeza kuti ojambula mapu a Gaborone ankaganiza za Siena kapena za Serowe. Anali ndi mabuku awo a kamangidwe ka mizinda ya ku Britain. Koma anthu amene anadzakhala mumzindawo anali ana a pabwalo, ndipo Mall anaigwiritsa ntchito monga momwe ankadziwira. Mpaka lero pamakhala amayi ogulitsa madengu oluka, zitenje ndi phane, mbozi za mumtengo wa tsanya zomwe Mmalawi angaziike m'gulu la matondo ndi mphalabungu. Masana ogwira ntchito m'boma amafola pa mapoto a seswaa, nyama ya ng'ombe yophikidwa mpaka kufewa n'kusinjidwa, yodyera nsima ya chimanga kapena ya mapira. Mzinda wakula kupitirira anthu 240,000, ndipo masitolo amakono a Game City, Riverwalk ndi Airport Junction akoka ogula ambiri. Mall yakalamba, utoto wasuluka m'makoma ena, koma m'masitolo atsopanowo mlonda amatha kuthamangitsa munthu wongokhala osagula, pamene pa Mall munthu amakhala pabenchi tsiku lonse popanda womufunsa.

Pafupi ndi nyumba ya malamulo pali nyumba ina yaing'ono, Ntlo ya Dikgosi, nyumba ya mafumu. Ntchito yake ndi kulangiza chabe. Apa ndi pamene mbiri ya mabwalo awiriwa imawawa. Seretse, mwana wa mfumu, ndiye anadula mafumu mapiko. Malamulo a m'zaka zoyamba za ufulu anaika mafumu pansi pa nduna ya boma, ndipo lamulo la malo la 1968 linawalanda mphamvu yogawa minda n'kuipereka ku mabungwe otchedwa Land Board. Kgosi Bathoen II wa Bangwaketse, amene anali pampando kuyambira 1928, anakwiya mpaka kutula ufumu mu 1969, n'kulowa chipani chotsutsa, n'kugonjetsa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Quett Masire, pa chisankho cha ku Kanye. Mafumu atatu amene anapita ku Britain mu 1895 kukakana kuti dziko lawo liperekedwe ku kampani ya Cecil Rhodes, omwe ndi Khama III, Sebele I ndi Bathoen I, anaimikiridwa ziboliboli zamkuwa mu 2005 m'dera latsopano la zamalonda. Ulemu umenewo unafika mphamvu zitapita kale.

Komabe bwalo silinafe. Boma linalitenga n'kuligwiritsa ntchito. Mtsogoleri wa dziko, nduna ndi aphungu amazungulira m'mabwalo a midzi kukafotokoza mfundo zatsopano, ndipo amakhala pansi kumvetsera mkulu wa ndodo akudandaula za mjigo wowonongeka kapena ng'ombe zobedwa. Milandu yambiri ing'onoing'ono imazengedwa pomwepo, m'Chitswana, popanda maloya. Ena mwa opezeka olakwa amakwapulidwa ndi chikoti, chilango chimene omenyera ufulu wa anthu akhala akuchitsutsa.

Chikoti si chilema chokha cha bwalo. Mwambi uja woti mawu onse ndi okoma sunkanena za anthu onse. Kale mkazi sankayankhula pabwalo pokhapokha ataitanidwa ngati mboni kapena mwini mlandu. Basarwa ndi Bakgalagadi, omwe ambiri ankaweta ng'ombe za Atswana ngati antchito osalipidwa, analibe mawu. Ku Siena nakonso amisiri osauka ndi akazi sankalowa m'gulu la olamula 9 aja. Wotamanda mabwalo akale ayenera kuwerenganso amene ankakhala kunja kwa mpanda.

N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Ramotswa n'zazikulu. Kgosi Seboko II atamwalira mu 2001, akuluakulu ena a banja lachifumu anafuna kulonga mwamuna wina wa m'banjamo. Mlongo wa malemuwo, Mosadi Seboko, yemwe anagwira ntchito ku banki ya Barclays zaka zoposa 20, anaimirira n'kunena kuti mwana woyamba wa bambo wawo, Kgosi Mokgosi III, ndi iwowo, ndipo malamulo a dziko saletsa mkazi kukhala mfumu. Dzina lawo lenilenilo, Mosadi, limatanthauza mkazi. Nkhaniyo sinathere m'chipinda cha akuluakulu. Inapita pabwalo kumapeto kwa chakacho, amayi ambiri anabwera, ndipo Balete anavomereza. Pa 30 Ogasiti 2003 anavekedwa chikopa cha kambuku, chizindikiro cha ufumu, ndipo anakhala mkazi woyamba m'Botswana kukhala mfumu yaikulu pa dzina lake. Akazi ena m'mbuyomo anangogwirizirako mpando ana aamuna, monga Pulane Moremi wa Batawana. Kwa Achewa, omwe ufumu wawo umatsata mbumba ndipo mafumu aakazi ali m'midzi yambiri, izi zingaoneke zochedwa. Koma Atswana amalowa ufumu kuchimuna monga Angoni, ndipo n'zochititsa chidwi kuti chaka chomwecho cha 2003 ndi chimenenso Theresa Kachindamoto analowa ufumu ku Dedza.

Mfumu yatsopano ya Balete inapeza mlandu ukuidikira, mlandu wa nthaka yomwe msewu wa Mokolodi umadutsa m'mphepete mwake. Dera la Balete ndi laling'ono, lopanikizika pakati pa malire a South Africa ndi mafamu amene anagawidwa kwa Azungu m'nthawi ya atsamunda. Posowa podyetsera ng'ombe, Balete anasonkherana mu 1925 n'kugula famu ya Forest Hill, ya m'dera la Kgale, pa mtengo wa mapaundi 3,000. Anagula ndi thukuta lawo nthaka imene ankaiona kale ngati yawo. Ufulu utabwera, lamulo la 1973 linaphatikiza famuyo ku malo a mtundu, zomwe zinatanthauza kuti Land Board ndiyo iziyang'anira. Pamene Gaborone ankakula kulowera kumwera, tchire lodyetsera ng'ombe lija linasanduka malo a ndalama zankhaninkhani, ndipo bungwelo linapita kukhoti kufuna kuti chikalata cha umwini cha Balete chifafanizidwe.

Kgosi Mosadi anakana kupereka chikalatacho. Pa bwalo la ku Ramotswa ndi pamene anthu ankamva momwe mlandu ukuyendera ndi kumanga chimodzi, koma chigamulo chinayenera kuchokera ku mabwalo a milandu a boma mumzinda, komwe Balete ankafika mwaunyinji pa masiku ozenga. Mu 2021 khoti lalikulu linagamula mokomera Balete. Mbali ya boma inachita apilo, ndipo mu Malichi 2023 khoti la apilo linatsimikiza kuti kulanda famuyo popanda chipukutamisozi kunali kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Panali patapita zaka 98 chiigulireni.

Wochokera ku Mokolodi kubwerera mumzinda madzulo amaona phiri la Kgale kumanzere, anyani atakhala pamiyala m'mbali mwa msewu, kenako magetsi a Game City. Minibasi zodzaza ndi anthu oweruka kuntchito zimakhala zikuthamangira kwina, kumwera, kukakhota pa Boatle.